Masamba Anayi Amene Anasowa M'fayilo

Ndinagwira ntchito ya ukalaliki kukhoti lalikulu ku Mzuzu mpaka imvi zinandipeza ndili pa tebulo lomwelo. Kwathu ndi ku Dedza. Boma litanditumiza kumpoto ndinalira njira yonse m'basi, ndikuganiza kuti anditaya. Koma lero ndikakhala pakhonde kwathu kuno, chimene ndimachilakalaka ndi kuzizira kwa Mzuzu, nkhungu ija ya m'mawa imene inkabisa nyumba za ku Lupaso kumene tinkakhala, ndi moni wa anthu a kumeneko amene sankatha msanga. Ndinafika ndisakudziwa liwu ndi limodzi lomwe la Chitumbuka. Pofika chaka chachitatu ndinkangonena yewo m'malo mwa zikomo ndisanaganize n'komwe, ndipo ana anga ankandiseka kuti ndasanduka mlendo m'zinenero zonse ziwiri.

Ofesi yathu inali chipinda chachitali, chodzaza mashelefu, chokhala ndi zenera limodzi lolankhulirana ndi anthu ndi benchi yamatabwa panja pake. Ntchito yanga yeniyeni inali kutayipa. Amajisitireti a m'makhoti ang'onoang'ono ankalemba milandu pamanja, ndipo mlandu ukabwera kwathu kuti uunikidwenso, ine ndi amene ndinkasandutsa zolemba zawozo kukhala zowerengeka. Ndinayamba ndi makina akale a riboni, olira ngati matalala padenga la malata. Kompyuta itabwera ndinaiphunzira, koma zala zanga zinapitirizabe kumenya mwamphamvu, moti anzanga ankati ndikuikwapula. Ndinkadziwa kalembedwe ka majisitireti aliyense wa chigawo chonsecho. Ena ankalemba ngati nkhuku yapalasa, ena mokongola ngati aphunzitsi a sitandade 1.

Ajaji amene ndinawatumikira nthawi yaitali anali bambo wamfupi, wosalankhulalankhula, wokonda juzi yobiriwira imene ankaivala mkati mwa jekete miyezi yozizira. Ankawerenga chilichonse chofika pa tebulo lawo, ngakhale makalata a akaidi olembedwa pa mapepala ong'amba m'kope. Ife tinkadandaula chifukwa zimenezi zinkatichulukitsira ntchito. Tsiku lina nditadandaula mokweza, anandiuza kuti pali lamulo lakale kwambiri, dzina lake n'lachilatini, ndipo tanthauzo lake n'lakuti bweretsani munthuyo pano ndimuone. Anati munthu aliyense amene boma lamutsekera ali ndi ufulu wofunsa ngati anamutsekera molondola, ndipo khoti liyenera kumuyankha, kaya ndi munthu wabwino kaya ndi woipa.

Kalata imene ndikufuna kunena inafika mwezi wa Juni. Inachokera kwa mkaidi amene anali atakhala kale m'ndende zaka zisanu pa zaka khumi ndi zinayi zimene anamulamula. Mlandu wake unali wogwirira mwana wamkazi wa zaka khumi, mwana wa mkulu wake. Unazengedwa pa khoti lina laling'ono kumunsi kunyanja. M'kalatamo munthuyo anadandaula zinthu ziwiri. Choyamba, anati majisitireti anamvera umboni wa mwanayo asanamuyese ngati akudziwa kusiyanitsa zoona ndi bodza, monga lamulo limafunira. Chachiwiri, anati chaka ndi miyezi iwiri imene anakhala pa rimandi akudikira mlandu sinawerengeredwe pa chilango chake. Ajaji analemba pakona ya kalatayo kuti fayilo iitanitsidwe ndipo itayipidwe.

Fayilo itafika ndinamasula chingwe chake monga ndinkachitira ndi ena onse. Ndinatayipa tsamba loyamba, lachiwiri, ndipo pa lachitatu zala zanga zinaima zokha. Mboni yoyamba, mayi wa mwanayo, ndinkamudziwa. Dzina lake, mudzi wake, ntchito yake, zonse zinali zake. Anali telala wanga.

Mayi ameneyu ankasoka pakhonde la golosale ina ku Ching'ambo. Anali wa ku Nkhata Bay, wamtali, woseka kwambiri, ndipo tinkaimba limodzi m'kwaya ya amayi kutchalitchi. Iye ndiye ankasoka mayunifolomu a ana anga ndi zovala zanga za ukwati uliwonse umene ndinkapitako. Tonse tinkadziwa kuti anasiyana ndi mwamuna wake ndipo anabwera ku Mzuzu ndi mwana mmodzi ndi makina osokera basi. Chifukwa chake sanatiuzepo, ifenso sitinafunse, pakuti mabanja amatha tsiku ndi tsiku. Mwana wakeyo anali mu fomu 2, kalasi imodzi ndi mwana wanga wachiwiri. Ankabwera kwathu Loweruka kudzawerenga masamu, mtsikana waulemu, wogwada popereka moni, wokonda chinangwa chokazinga.

Ndinatuluka panja n'kukaima kuseri kwa ofesi kwa kanthawi. Nditabwerera ndinapitiriza kutayipa, chifukwa panalibe wina woti andigwirire. Umboni wa mayiyo unali womveka bwino. Anafotokoza mmene anazindikirira kuti mwana wake sali bwino, mmene anapitira naye kuchipatala ndi kupolisi yekha, mwamuna wake ndi apongozi ake atamuletsa, akuti nkhani za m'banja zimathera pamphasa. Nditafika pamene panayenera kukhala umboni wa mwanayo ndinapeza kuti manambala a masamba alumpha. Tsamba la 11 linatsatidwa ndi la 16. Masamba anayi panalibe, ndipo anali omwewo amene mkaidi uja ankawadandaula.

Ndinatenga fayilo n'kukagogoda kwa ajaji. Ndinawaonetsa polumphapo. Anawerenga manambalawo kawiri, n'kuvula magalasi.

"Ngati masambawa sapezeka, amayi, ndilibe poyambira," anatero. "Sindingathe kunena kuti majisitireti anachita bwino pa chinthu chimene sindikuchiona."

"Ndiye kuti munthuyu atuluka, bwana?"

"Mwina atuluka. Mwina ndilamula kuti mlandu uzengedwenso."

Kuzengedwanso kunatanthauza kuti mtsikana uja adzaimenso pamaso pa anthu n'kufotokoza zonse kachiwiri. Pamenepo ndinawauza zoona, kuti mayi wa mwanayo ndikumudziwa, ndipo mwanayo amadya m'nyumba mwanga. Ndinkayembekezera kuti andilanda fayilo. Koma iwo anangondifunsa ngati ndingathe kutayipa chilichonse cholembedwamo osawonjezera kapena kuchotsa liwu. Ndinati ndingathe.

"Za m'fayilo simungakambirane ndi munthu aliyense," anatero. "Koma tsiku la mlandu timalikhoma pa bolodi panja. Limenelo si lachinsinsi."

Masiku amenewo panalibe amene ankauza abale a mwana wolakwiridwa kuti mlandu wabwereranso kukhoti. Anthu ankangodabwa kukumana pamsika ndi munthu amene ankaganiza kuti ali m'ndende. Ndinasinkhasinkha masiku atatu. Loweruka masana ndinatenga nsalu imene ndinalibe nayo cholinga chenicheni n'kupita ku Ching'ambo.

Ndinamupeza akusoka yunifolomu, mapini ali pakamwa. "Monire, asisi," anatero atawalavula. "Mwabweretsanso ya ukwati wa ndani? Inu ndiye simuphonya."

Ndinakhala pa mpando wa makasitomala, nsalu ili pamiyendo. Ndinadikira kuti mayi wina amene ankayezetsa siketi achoke.

"Asisi," ndinatero, "Lachinayi la sabata yachitatu kuli mlandu kwathu kuja. Dzina la munthu wake lili pa bolodi. Ndi alamu anu akale."

Phazi lake linaima pa chopondera. Sanandiyang'ane. Anayang'ana singano.

"Mwawerenga?"

"Ndine amene ndikutayipa."

"Zonse?"

"Sindingakambe za m'katimo. Ndangoti mumve kwa ine, musamve kwa anthu."

Anatulutsa yunifolomu ija pansi pa singano, n'kuipinda bwinobwino, ngakhale inali isanathe. Kenako anandiuza, mawu ake ali pansi kuti a m'golosale asamve, kuti anathawira ku Mzuzu chifukwa kumudzi mwana wake ankalozedwa chala popita kumjigo. Anati zaka zisanu zonsezi wakhala akumanga moyo wina, m'tauni imene palibe amene akudziwa, ndipo lero nkhani yamulondola mpaka pakhonde pake kudzera mwa mnzake wa m'kwaya.

"Mwana wanu akudziwa?" anafunsa.

"Sakudziwa, ndipo sadzadziwa. Ngakhale bambo a kunyumba sindinawauze."

"Akufuna chiyani munthu ameneyu? Sanakhutire?"

Ndinati akupempha kuti khoti lione ngati mlandu unayenda bwino, ndipo lamulo limamulola. Anaseka kuseka kopanda chimwemwe. Anati lamulo ndi labwino chomene, limakumbukira aliyense. Ndinanyamuka ndi nsalu yanga osamupatsa, iyenso sanaifunse.

Ajaji analembera khoti laling'ono lija kuti lifufuze masambawo. Yankho linabwera patatha sabata, lakuti afufuza ndipo sanawapeze. Majisitireti amene anazenga mlanduwo anali atamwalira, ndipo kalaliki wa nthawi imeneyo anasamutsidwa. Pamenepo ajaji anandiitana n'kunena kuti popeza ine ndi amene ndikudziwa kalembedwe ka malemuwo, ndipite ndekha ndikaone. Anandipatsa galimoto ya ofesi ndi tsiku limodzi.

Tinanyamuka m'mawa nkhungu isanachoke. Ndimaukumbukira bwino ulendo umenewo, msewu wokhotakhota wotsika ku Mzuzu, juzi ndikuivula tisanafike n'komwe kumunsi, amayi ogulitsa nthochi ndi zinanazi m'mbali mwa msewu. Koma mtima wanga sunali pa zimenezo. Njira yonse ndinkadzifunsa funso limodzi. Bwanji ndikawapeza masambawo n'kuona kuti mkaidiyo akunena zoona, kuti majisitireti sanamuyese mwanayo? M'chipinda chosungira mafayilo ndikanakhala ndekha. Masamba amene akhala osowa zaka zisanu akanatha kusowabe, ndipo ajaji mwina akanapeza njira ina. Ndimakonda kuganiza kuti ndikanawapereka ndithu. Koma ndikunena pano ndili wokalamba kuti m'galimoto muja yankho ndinalibe.

Kalaliki wa kumeneko, bambo wachikulire wokoma mtima, ananditsegulira kachipinda kotentha konunkha mileme. Mafayilo anali m'makatoni ndi m'matumba, ena atadyedwa ndi chiswe m'mphepete. Ndinapempha buku lolembamo milandu la chaka chimenecho, n'kulemba manambala a milandu yonse imene majisitireti uja anamva mwezi womwewo. Ndinkadziwa chizolowezi cha amajisitireti. Akamamva milandu ingapo tsiku limodzi, amalemba pa mapepala osamanga, ndipo kalaliki amawasanja madzulo atatopa. Ndinayala chitenje pansi, n'kukhala, n'kuyamba kumasula fayilo imodziimodzi.

Ndinawapeza cha m'ma 2 koloko, m'fayilo ya munthu amene anaba maukonde. Anali kumapeto, atamangidwa ndi kawaya kochita dzimbiri, inki yabuluu, zilembo zopendekera kumanja. Tsamba 12, 13, 14 ndi 15.

Ndinawerenga ndili pansi pomwepo. Pamwamba pa tsamba la 12 majisitireti analemba kuti watulutsa anthu onse m'khoti kupatula ofunikira. Kenako analemba mafunso ake mmodzimmodzi ndi mayankho a mwanayo. Anamufunsa dzina, sukulu, kalasi, ndi kumene amapemphera. Anamufunsa ngati akudziwa chimene chimachitika munthu akanama. Mwanayo anayankha kuti ukanama amama amadziwa, ndipo Mulungu amadziwa amama asanadziwe. Pansi pake majisitireti analemba kuti wakhutira kuti mwanayu akudziwa kufunika konena zoona. Zimene zinatsatira sindidzazinena kwa munthu. Ndingonena kuti pakati pa tsamba la 14 panali mzere umodzi wakuti mboni yapempha madzi, khoti laima pang'ono. Mzere umenewo ndi umene unandiliza. Kalaliki uja atamva anabwera pakhomo, anandiyang'ana, n'kubwerera osafunsa kanthu. Patapita kanthawi anandibweretsera tiyi.

Tinalemba kalata yofotokoza kumene masambawo apezeka, tonse awiri tinasaina, iye n'kudinda chidindo. Ndinawanyamula m'chikwama changa chamanja, m'kati mwa buku la nyimbo, kuopa kuti angapindike. M'mawa mwake ndinawapereka kwa ajaji, ndipo anawawerenga ataimirira. Anangoti, "Yewo chomene, amayi. Tayipani."

Tsiku la mlandu kunali mvula yowaza, ija ya ku Mzuzu yosanyowetsa msanga koma yolowa m'mafupa. Nditatsegula zenera la ofesi ndinaona mayi wokalamba atakhala kumapeto kwa benchi, atafunda zitenje ziwiri, pamapazi pake pali kathumba. Anandifunsa m'Chichewa chovutikira kuti mlandu wa mwana wake ukhala chipinda chiti. Anali mayi wa mkaidiyo. Anali atanyamuka kumudzi dzulo lake n'kugona kwa wachibale. Posakhalitsa telala wanga anafika, atavala diresi lake lakutchalitchi, ali yekha. Ataona apongozi ake akale anaima. Gogoyo anasendera kuti ampatse malo. Iye sanakhale. Anakaima pansi pa khonde, msana atatsamira khoma, mpaka khoti linatsegulidwa.

Ine ndinali mkati, pa tebulo laling'ono pansi pa ajaji. Asilikali a ndende anamulowetsa munthuyo atavala zoyera za akaidi. Ndinali nditatayipa dzina lake kambirimbiri, ndipo m'maganizo mwanga ndinkaona chilombo. Amene analowa anali bambo wowonda, wa tsitsi lothothoka, wotsokomola, wooneka ngati munthu aliyense amene mungakhale naye mpando umodzi m'minibasi. Zimenezo zinandiopsa kuposa mmene chilombo chikanandiopsera. Atayang'ana kumbuyo n'kuona mayi ake, anagwedeza mutu. Ataona mlamu wake wakale anayang'ana pansi.

Anali ndi loya wachitsikana wa boma wothandiza anthu osauka. Loyayo anali atakonzekera kunena kuti masamba ofunika akusowa. Ajaji anamupatsa kope la masamba anayi aja ndi nthawi yoti awerenge pamodzi ndi munthu wake. Atabwerera, loyayo anaimirira n'kunena moona mtima kuti dandaulo loyamba alibenso polikankhira, koma lachiwiri, la nthawi ya pa rimandi, akulipitiriza. Woimira boma sanatsutse zambiri. Ajaji anafunsa mkaidiyo ngati ali ndi mawu. Anati akudwala chifuwa, ana ake akuvutika, ndipo akupempha chifundo. Za mwana amene anamulakwira sanatchulepo.

Chigamulo ajaji anachiwerenga masana, m'Chingerezi, womasulira n'kumatembenuza. Anati wawerenga umboni wonse ndipo majisitireti anachita zonse zimene lamulo limafuna. Anati mwanayo ananena zoona, umboni wachipatala unagwirizana naye, ndipo munthuyo anapezeka wolakwa molondola. Anawonjezera mawu amene sankafunika kwenikweni m'chigamulo, akuti mayi amene anatengera mwana wake kupolisi abale onse akumuletsa anachita chinthu cholimba mtima. Kenako anati pa dandaulo lachiwiri mkaidiyo akunena zoona. Chaka ndi miyezi iwiri ya pa rimandi iyenera kuwerengedwa, ndipo chilango chiyambire tsiku limene anamangidwa.

Munthuyo anabwerera kundende. Ine mtima unali pansi, ndikuganiza kuti zatha bwino. Nditatuluka ndi mafayilo ndinapeza amayi awiri aja ali pakhonde, mvula itawatsekereza malo amodzi. Gogo uja ndiye anayamba kulankhula.

"Mwana wakula?"

"Ali fomu 2," anayankha telalayo, maso ali kumsewu.

"Amakhoza?"

"Amakhoza."

Gogoyo anawerama n'kumasula kathumba kaja. Munali ufa wa kondowole ndi nsomba zouma pang'ono, zimene ndikhulupirira anatengera mwana wake wa kundende. Anagawa pakati n'kutambasula manja. "Mukampatse. Musanene kuti zachokera kwa ine."

Telalayo anayang'ana manja aja nthawi yaitali. "Amama," anatero, "tsiku lija munati mwanayu ndi wabodza. Lero mwamva nokha." Sanalandire. Anafunda chitenje kumutu n'kulowa mumvula. Gogoyo anatsala atatambasula manja, kenako anabwezera zinthu zija m'thumba pang'onopang'ono. Ndinamuperekeza mpaka pamsewu n'kumuimitsira njinga yopita kudepoti. Sanalire. Anangondifunsa kuti chaka ndi miyezi iwiri ikachotsedwa zatsala zingati, ndipo nditamuuza anawerenga pa zala n'kunena kuti sadzakhalapo.

Lamulungu lotsatira telala wanga sanakhale pafupi nane m'kwaya. Titatuluka ndinamutsatira kuseri kwa tchalitchi.

"Mwamuchotsera chaka," anatero. "Inu ndi ajaji anuwo. Mwana wanga ndani amuchotsere?"

Ndinayesa kufotokoza kuti chakacho munthuyo anachikhala kale m'chitokosi, kuti sanamukhululukire kanthu. Sanafune kumva. Za ulendo wanga wa kunyanja, za kachipinda ka mileme, sindinamuuze, chifukwa zinali za m'fayilo. Zinandiwawa, sindikana. Kwa miyezi inayi tinkangopatsana moni wa pamsewu. Mtsikana uja anasiya kubwera kwathu Loweruka, ndipo mwana wanga atandifunsa chifukwa chake ndinati mwina amayi ake akumufuna pa ntchito.

Sindidziwa amene anamuuza za ulendo wanga wokafuna masamba aja. Mwina loya uja, mwina dalaivala wa ofesi, amene mkazi wake ankasoketsanso komweko. Tsiku lina chakumapeto kwa chaka ndinamuona pa zenera la ofesi, tepi yoyezera ili m'khosi.

"Asisi, nsalu ija munabwera nayo tsiku lija ili kuti?"

"Ili m'sutikesi."

"Mubwere nayo mawa. Khirisimasi yayandikira, ndipo inu mwanenepa, miyezo yakale sigwiranso."

Zinathera pomwepo. Nkhani ya mlandu sitinaikambenso, ngakhale kamodzi, pa zaka zonse zimene tinakhala limodzi ku Mzuzu. Tinabwerera pa mpando wathu m'kwaya, iye mawu apamwamba ine apansi. Loweruka mtsikana uja anayambiranso kubwera ndi buku lake la masamu.

Ajaji aja anapuma ntchito patatha zaka zitatu. Pa phwando lowatsanzika, m'chipinda chomwecho cha khoti titasuntha mabenchi, analankhula mwachidule monga mwa khalidwe lawo. Anathokoza aliyense, kuyambira osesa, ndipo atafika pa ine anati ndili ndi maso abwino. Anthu anaseka chifukwa ndinkavala magalasi okhuthala kuposa onse mu ofesimo. Ine ndinadziwa chimene ankanena. Anamwalira ndili kale kuno ku Dedza, ndipo ndinamva mochedwa, maliro atapita.

Chaka changa chomaliza pa ntchito, m'mawa wina, mtsikana uja anabwera pa zenera langa ndi envelopu yabulauni. Anali atakula, wamtali ngati mayi ake, tsitsi ataluka bwino. Anasankhidwa kukaphunzira unamwino, ndipo ankafuna kuti makope a masatifiketi ake adindidwe chidindo chotsimikizira kuti ndi enieni. Anati amayi ake amuuza kuti apite kwa anti, samuimika pamzere.

Ndinatuluka, n'kumugwira dzanja, n'kupita naye kwa majisitireti amene anali pa ntchito tsiku limenelo. Tinadutsa pakhomo la chipinda cha khoti, lili lotsegula, mkati mukusesedwa. Anasuzumira n'kunena kuti malo ano amamuchititsa mantha, sadziwa kuti ine ndakhalamo bwanji zaka zonsezi. Ndinati munthu amazolowera, ndipo muli anthu abwino. Majisitireti anadinda mapepala ake onse, anamufunsa za sukulu, n'kumuuza kuti akadzadwala adzamubaye jakisoni mosapweteka. Mtsikanayo anaseka mpaka kugwira pakamwa.

Ndinamuperekeza mpaka pageti. Anandiuza kuti amayi ake amusokera kale mayunifolomu awiri, ngakhale sukulu sinanene mtundu wake, ndipo akhala akukangana sabata yonse za kutalika kwa siketi. Anakweza dzanja kuimitsa njinga yamoto, anakhalapo cham'mbali envelopu ataikumbatira pachifuwa, n'kundikuwira kuti Loweruka abwera kudzatsanzika, ndimukazingire chinangwa chambiri. Ndinaima pamenepo mpaka anakhota, kenako ndinabwerera mkati, chifukwa pa benchi panali anthu akundidikira.